Kodi makosi olipira a pa intaneti ophunzitsa kupanga nyimbo pa kompyuta ndi oyeneradi ndalama zake?

WaMaLoop:
Abale anga, ndithandizeniko maganizo. Patha chaka ndi miyezi inayi chiyambireni kupanga nyimbo pa laputopu, ndipo ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya FL Studio. Zonse zimene ndikudziwa ndinaziphunzira pa YouTube. Koma dzulo ndinawerenga mapulojekiti amene ali mu kompyuta yanga, alipo 63, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene ndinaimaliza. Onse ndi ma loop, tizidutswa ta ma bar 8 (masekondi ochepa chabe) tongozungulira pamodzimodzi. Ndikati ndiitambasule ikhale nyimbo ya mphindi zinayi, mutu umangoima. Vuto lina, m'mahedifoni imakoma ndithu, koma ndikakaiika pa sipika ya mnzanga bass imameza zina zonse.

Ndasunga kandalama pang'ono, ndipo ndikuganiza zolipira kosi. Koma mtima sukukhazikika. Kodi mu kosi yolipira muli chiyani chimene pa YouTube palibe? Amene munalipirapo, ndiuzeni chilungamo, musandibisire kanthu.

Wamakani808:
Osalipira amwene. Ndalamayo kagulireni mahedifoni abwino. Zonse zili pa YouTube mwaulere, ndipo aphunzitsi ambiri a makosiwo anaphunziranso pa YouTube pomwepo.

Chemwali_wa_Synth:
Achimwene a WaMaLoop, musanamvere aliyense wa ife, onani kaye kuti mwatchula mavuto awiri osiyana. Kulephera kumaliza nyimbo ndi nkhani ya kayalidwe ka nyimbo, pomwe bass yomeza zinzake ndi nkhani ya mixing (kulinganiza mawu a zida zonse) ndi kamvedwe. Kosi imene ingakuchizeni matenda oyambawo si imene ingakuchizeni achiwiriwo. Anthu ambiri amagula kosi asanadziwe chimene chikuwadwalitsa, mapeto ake n'kumati makosi ndi achabe.

Ine ndinalipirapo kawiri. Yoyamba ndinataya ndalama, yachiwiri inandisinthiratu. Ndifotokoza ndikaweruka kuntchito.

BassYokoma:
Ine ndiyambe ndi chenjezo, chifukwa zinandionekera. Chaka chatha ndinaona chilengezo cha kosi ina, sinditchula dzina. Munthu atakhala mu situdiyo yowala bwino, masipika akuluakulu kumbuyo kwake, akulonjeza kuti m'masiku 30 ndikhala ndikupanga nyimbo zomveka ngati za akatswiri. Pansi pake panali wotchi yowerengera maola otsala kuti mtengo ukwere. Ndinathamangira kulipira. Nditalowa ndinapeza mavidiyo pafupifupi 40, ndipo theka lake linali kufotokoza kuti batani ili limachita chakuti, zimene zalembedwa kale m'buku la pulogalamuyo. Analonjeza kuti mphunzitsi azimvetsera nyimbo zathu sabata iliyonse. Ndinatumiza katatu. Yankho linabwera kamodzi, la mawu asanu, ndipo mnzanga wina wa m'kalasi lomwelo analandira mawu omwewo pa nyimbo yosiyana kwambiri ndi yanga. Patatha mwezi ndinabwerera pa tsamba lawo, wotchi ija inali ikuwerengabe maola omwe aja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chinandipweteka kwambiri si ndalama ayi. Kwa miyezi iwiri ndinasiya kutsekula pulogalamu, poganiza kuti ngati kosi yalephera kundithandiza ndiye kuti ine ndilibe luso.

WaMaLoop:
Pepani kwambiri achimwene. Zimenezi ndi zimene ndikuopazo. Munabwezeredwa ndalama?

BassYokoma:
Ayi. Nthawi yobwezera inali itadutsa ndisanazindikire, ndipo malamulo ake sindinawawerenge. Muziwerenga musanalipire.

Mkulu_wa_MIDI:
Ana anga, ndiloleni ndiikepo mawu. Ine ndinayamba zimenezi YouTube kulibe. Tinkalumikiza makina ndi zingwe za MIDI, ukalakwitsa channel imodzi makinawo amangokhala duu, ndipo palibe vidiyo yokuuza chalakwika. Tsono ndikamva wina akuti lero chidziwitso n'chosowa mpaka kuchigula, ndimakana. Chidziwitso chachuluka kuposa nthawi ina iliyonse. Ableton, kampani yopanga pulogalamu ya nyimbo, ili ndi masamba awiri aulere, Learning Music ndi Learning Synths, mumaphunzira mukusewera momwemo mu browser osaika pulogalamu iliyonse. Buku la Ableton Live lili pa intaneti, aliyense akhoza kuliwerenga. Mu FL Studio mukadina F1 muli pa plugin ina (kachida kowonjezera mu pulogalamu), limakutsekulirani tsamba lofotokoza plugin yomweyo. Magazini ya Sound on Sound ili ndi nkhani zakale zambirimbiri zowerenga mwaulere, zina zolembedwa ndi anthu amene akhala pa ntchitoyi moyo wawo wonse.

Koma a Wamakani808, apa ndisiyana nanu. Kuchuluka kwa chidziwitsoko ndiye kumene kwadwalitsa mwana uyu. Vidiyo ina ikuti dulani ma frequency onse apansi (mawu a bass) pa chida chilichonse, ina ikuti musayerekeze kudula. Ina ikuti compression (kufinya mawu kuti okweza ndi otsika ayandikane) ndiye chinsinsi, ina ikuti compression ikuwononga nyimbo zanu. Wongoyamba kumene sangadziwe woona ndani, chifukwa onse awiri akunena zoona, kungoti pa nyimbo zosiyana. Ndipo YouTube sikufunsani kuti kodi mwamvetsa phunziro ladzulo. Imakupatsani vidiyo imene mungaidine, osati imene mukuisowa. Mumapezeka mukuphunzira mastering, ntchito yomalizitsa nyimbo, musanadziwe kuyala ng'oma.

Chimene kosi yabwino imagulitsa ndi ndondomeko, kuti ichi chiyambe, icho chitsatire, komanso makutu a munthu wina wodziwa amene adzamvetsere nyimbo yanuyo, osati yake. Ndondomeko mukhoza kudzipangira nokha mukalimbikira. Makutu a wina simungadzipangire.

Wamakani808:
Akuluakulu, ndakumvani ndipo ndikukulemekezani. Koma nanga anthu amene anayambitsa nyimbo zimenezi analipira kosi iti? Kampani ya Roland inatulutsa makina a ng'oma a TR-808 mu 1980 ndi makina a bass a TB-303 mu 1981. TB-303 inapangidwa kuti iziperekeza oimba gitala m'malo mwa bass, inalephera pamsika, anyamata a ku Chicago n'kuitola, n'kumapotokola mabatani ake mosatsata buku mpaka kutuluka mtundu wa nyimbo wotchedwa acid house. Kukanakhala mphunzitsi akanawauza kuti mukulakwitsa. DJ wotchuka Avicii naye anayambira m'chipinda chake ndi FL Studio. DJ Martin Garrix chimodzimodzi.

Khutu_Lakuthwa:
Pa Garrix pokha ndikukonzeni amwene. N'zoona ankagwiritsa ntchito FL Studio, koma anaphunziranso ku Herman Brood Academy ku Utrecht, sukulu ya zoimba. Ndipo Avicii sanali yekhayekha m'chipindamo. Ankaika nyimbo zake pa forum ya DJ wina, Laidback Luke, kumene anthu ankazimvetsera n'kumuuza maganizo awo. Ku Detroit nako, oyambitsa techno Juan Atkins, Derrick May ndi Kevin Saunderson anadziwana ali pasukulu ku Belleville, ankamvera nyimbo limodzi n'kumaphunzitsana. Tsono zitsanzo zanuzo zikuikira umboni zimene anena a Mkulu_wa_MIDI. Mwina ambiri sanalipire kosi, koma aliyense anali ndi munthu womumvetsera.

Wamakani808:
Za Herman Brood Academy sindinkazidziwa, zikomo. Koma mfundo yanga ikadalipo: munthu womvetserayo sachita kugulidwa. Pali magulu a pa Discord ndi pa Reddit kumene anthu amamvetserana nyimbo mwaulere.

Khutu_Lakuthwa:
Alipo, ndipo ine ndimalowamo. Vuto lake n'lakuti ambiri amene amayankha ali pa msinkhu wofanana ndi wanu, ndipo ena amangolemba kuti yakoma kuti nanunso mukamvetsere yawo. Nthawi zina mumakumana ndi katswiri woleza mtima, koma ndi mwayi chabe.

Chemwali_wa_Synth:
Ndabwera tsopano. Kosi yanga yoyamba inali ngati ya a BassYokoma, mavidiyo okhaokha, sinditayirapo nthawi. Ndikufuna ndifotokoze yachiwiri, chifukwa ndi imene ikuyankha funso la a WaMaLoop.

Tinalipo ophunzira 9, masabata 8. Sabata iliyonse kunali homuweki ndi tsiku lomaliza kutumiza. Mphunzitsi ankafuna pulojekiti yonse, osati mp3 yokha. Sabata yachitatu anatsekula pulojekiti yanga pamaso pa kalasi lonse pa Zoom. Mtima unagunda kwambiri, manja anachita thukuta, chifukwa nyimboyo ndinali nditaigwirira masiku 12 ndipo ndinkaikonda.

Anaimvetsera mpaka kumapeto osayankhula. Kenako anati, tamverani ichi. Anazimitsa zida zonse, n'kusiya kick (ng'oma yaikulu) ndi bass zokha. Anatsekula spectrum analyser, chida choonetsa pamene mawu aunjikana, n'kundionetsa kuti zonse ziwiri zaunjikana pakati pa 50 ndi 100 Hz, ndipo zikumenya pa nthawi imodzi. Anaika sidechain kuti kick ikamenya bass izigwada pang'ono n'kudzukanso, ndipo anafupikitsa mchira wa kick. Kenako anayatsa ma pad anga (mawu ofewa otalika odzaza kumbuyo kwa nyimbo), amene ndinawaunjika atatu pamodzi. Anazimitsa awiri, n'kundifunsa ngati ndamva kuti china chasowa. Sindinamve chilichonse chosowa, koma nyimbo inayamba kupuma. Anandiuza kuti matope amene ndinkawamva aja ankachokera cha pakati pa 200 ndi 400 Hz, kumene ma pad atatuwo, piyano ndi mawu a woimba zinkalimbirana malo. Pomaliza anadina batani la mono (lophatikiza kumanzere ndi kumanja), lead yanga (mayimbidwe otsogolera) n'kuzimiririka pafupifupi yonse, chifukwa ndinaitambasula kwambiri ndi plugin ya stereo.

Zonsezi zinatenga mphindi 15. Mawu oti sidechain ndinali nditawamva kambirimbiri pa YouTube, ndinkadziwanso mmene amaikira. Chimene sindinkadziwa n'chakuti nyimbo yanga ikuifuna pamalo akutiakuti, chifukwa khutu langa linali lisanaphunzire kumva vutolo. Vidiyo singamve nyimbo yanu. Kuyambira tsiku limenelo ndimamva kick ndi bass zikamalimbana ngakhale m'nyimbo za anthu ena.

Chinanso chimene anthu sachitchula: kuonerera mphunzitsi akukonza nyimbo za anzanga 8 aja kunandiphunzitsa mofanana ndi pamene ankakonza yanga. Zolakwika za wina umaziona msanga chifukwa sunazikonde.

WaMaLoop:
Achemwali, zimene mwafotokozazi ndi matenda anga enieni. Batani la mono sindinalidinepo chiyambireni. Ndangoyesa pompano, zina zasowadi.

Chemwali_wa_Synth:
Ndi zimenezo. Ndipo bass yanuyo muziisiya pakati, mu mono, makamaka yapansi kwambiri. Komanso musadabwe kuti pa sipika ya foni bass yapansi simveka, kasipikako sikangathe kuitulutsa. Mukaithira saturation pang'ono (kuikhakhalitsa mawu) imabereka ma harmonic, timawu tapamwamba, timene foni imatha kutiimba, khutu n'kumamva ngati bass ilipo.

Mlendo_Pano:
Pepani kulowerera, ndine watsopano pa gulu lino. Nanga satifiketi? Ine ndimaganiza kuti ubwino wa kosi yolipira ndi pepala limene amakupatsa pomaliza.

Mkulu_wa_MIDI:
Takulandirani mwana wanga. Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito ndi oimba, palibe amene anandifunsapo pepala. Amangoti tatiimbireni zimene munapanga. Woimba akamva masekondi 20 amadziwiratu ngati akufuna kugwira nanu ntchito. Pepala limathandiza ngati mukufuna kudzaphunzitsa pasukulu kapena kupitiriza maphunziro, ndipo pamenepo liyenera kuchokera ku sukulu yodziwika, monga Berklee Online kapena Point Blank ya ku London, osati lija munthu amangolipanga yekha pa kompyuta yake. Koma ameneyo ndi ulendo wina, wa nthawi yaitali ndi ndalama zambiri. Suli wa munthu amene akungofuna kumaliza nyimbo yake yoyamba.

Mlendo_Pano:
Zikomo akuluakulu. Nanga aja a anthu otchuka, monga ya deadmau5 kapena Armin van Buuren pa MasterClass?

Khutu_Lakuthwa:
Ndinaonerapo ya deadmau5. Imasangalatsa, imakupatsa chilakolako, ndipo umaona mmene munthu wa msinkhu umenewo amaganizira. Koma ndi mavidiyo oonerera, mwiniwakeyo sadzamva nyimbo yanu. Ngati mukuitenga ngati kucheza ndi katswiri, ndi yabwino. Ngati mukufuna wokugwirani dzanja sabata ndi sabata, si mtundu wake umenewo.

Mphunzitsi_wa_Kiyibodi:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndione ngati ndinganene zoona kuchokera mbali inayo, chifukwa ine ndimaphunzitsa anthu pa intaneti ndipo amandilipira. Choncho mawu angawa muwayeze podziwa zimenezo, ndipo sindikuitanira aliyense kwa ine.

Ophunzira amene amapindula ndimawadziwa sabata yoyamba. Amabwera ndi nyimbo yoipa koma yomalizidwa, komanso funso lenileni. Amene sapindula ndi aja amabwera ali ndi makosi asanu amene anagula osawamaliza, akuyembekeza kuti wachisanu ndi chimodzi ndiye ali ndi chinsinsi. Kugula kosi kumakoma chifukwa kumakupangitsa kumva ngati wachitapo kanthu, pomwe sunakhudze kiyibodi. Ndinabwezapo ndalama kwa mnyamata wina, n'kumuuza kuti apite akamalize nyimbo zitatu kaye, zikhale zoipa bwanji, kenako abwere. Anakhumudwa. Anabweranso patatha miyezi inayi ndi nyimbo zitatuzo, ndipo anapita patsogolo mofulumira kuposa anzake onse.

A WaMaLoop, vuto la ma bar 8 ndikupatsani mankhwala ake pompano, mwaulere, chifukwa silifunika kosi. Sankhani nyimbo imodzi imene mumaikonda ya mtundu womwe mukupangawo. Iikeni mu playlist, pamene mumayala nyimbo mu FL Studio, mulinganize tempo (liwiro lake). Ikani chizindikiro paliponse pamene chinthu chalowa kapena chatuluka: apa kick yayamba, apa hi-hat yalowa, apa bass yachoka, apa zonse zabwerera pamodzi. Mudzaona kuti mu house ndi techno zinthu zimasintha pakatha ma bar 8, 16 kapena 32. Mukatha, zimitsani nyimboyo, zizindikiro zokha zitsale. Amenewo ndi mafupa. Tsono tengani loop yanu ija, muikope kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kenako muzichotsa zida motsatira zizindikirozo. Kuchotsa n'kosavuta kuposa kuwonjezera.

Tiwerengenso masamu ake, kuti musamaope. Pa 124 BPM (kugunda ka 124 pa mphindi, ndipo bar imodzi ndi kugunda kanayi), mphindi zinayi ndi ma bar 124. Ma bar 8 anuwo ndi masekondi 15 ndi theka. Ndiye kuti loop yanu ikufunika kubwerezedwa maulendo 15 kapena 16, ndipo ntchito yanu ndi yoti ulendo uliwonse pasinthe kanthu kamodzi kokha: filter itseguke pang'ono, clap ilowe, bass ipume. Simukufunika maganizo atsopano 16. Mukufunika ganizo limodzi labwino ndi kuleza mtima polivundukula.

Kubwereka kayalidwe si kuba nyimbo ya mwini. Simukutenga mayimbidwe ake kapena mawu ake, mukungoyang'ana mmene anamangira nyumba.

WaMaLoop:
Aphunzitsi, mwandipatsa chinthu chachikulu. Ndiyesa usiku uno.

BassYokoma:
Aphunzitsi, popeza mwabwera, ndikufunseni mosabisa. Munthu angasiyanitse bwanji mphunzitsi weniweni ndi wamalonda ngati amene anandipusitsa uja? Pa chilengezo onse amaoneka ofanana.

Mphunzitsi_wa_Kiyibodi:
Funso labwino, ndipo pepani ndi zimene zinakuchitikirani, anthu otere amatiipitsira mbiri tonse. Choyamba mverani nyimbo za mphunzitsiyo. Ngati simukuzipeza, kapena mwazipeza koma sizikukugwirani mtima, musalipire. Kenako pemphani kumva nyimbo za ophunzira ake, makamaka mmene zinalili asanayambe ndi mmene zilili pano. Mufunseni mwachindunji kuti ndani adzamvetsere nyimbo yanu, kangati, ndipo yankho lidzabwera motani, lolembedwa, la vidiyo kapena pamaso. Akamazungulira pa funso limeneli, thawani. Mphunzitsi woona amakhalanso ndi maphunziro ena aulere amene mungayambe mwaona kaphunzitsidwe kake. Ndipo aliyense wolonjeza masiku owerengeka, kapena wonena kuti ali ndi chinsinsi chimene akatswiri akukubisirani, akukunamizani. Palibe chinsinsi. Pali maola.

Muonenso ngati kosiyo ikugwiritsa ntchito pulogalamu yanu ndi ma plugin amene muli nawo. Ena amalipira kosi, n'kupeza kuti phunziro lililonse likufuna synth (chida chopangira mawu) yogula.

Chemwali_wa_Synth:
Mfundo yomalizayi ndi yofunika. Ine ndinayamba ndi synth ya Vital, imene Matt Tytel anaitulutsa mu 2020, ili ndi mtundu waulere ndipo imachita zambiri zimene anthu amathamangira kugulira Serum. Surge XT ndi yaulere kotheratu. Dexed nayo ndi yaulere, imatsanzira Yamaha DX7 ya mu 1983. Mukamvetsa oscillator, filter, envelope ndi LFO pa imodzi, mwamvetsa pa zonse.

Pa sound design, kudzipangira mawu pa synth, pali chinthu chimodzi cholipira chimene ndimachiyamikira, Syntorial. Simangoonerera ayi. Imakuimbira mawu obisika, inu n'kumapotokola mabatani mpaka muwapeze ndi khutu, kenako imakuuzani pamene mwaphonya. Maphunziro ake oyambirira ndi aulere, mukhoza kuyesa kaye. Ndimaikonda chifukwa imachita zija tikukambazi, imakuyankhani.

Mlendo_Pano:
Nanga ife amene tilibe ngakhale pulogalamu yake? Mnzanga akuti andipatsa ya crack, yothyoledwa kuti munthu asalipire.

Khutu_Lakuthwa:
Musalandire achimwene. Kupatula kuti ndi kuba thukuta la eni ake, mapulogalamu otero amabwera ndi ma virus, ndipo amakonda kutsekeka pakati pa ntchito. Njira zilipo. Reaper mumaiyesa yathunthu kwa masiku 60. LMMS ndi yaulere. Ngati muli ndi Mac kapena iPhone, GarageBand ndi yaulere. Makiyibodi ambiri a MIDI amabwera ndi Ableton Live Lite, ya ma track 8, ndipo kuchepa kwakeko kumaphunzitsa kusankha. FL Studio yoyesera imakulolani kusunga pulojekiti koma simungaitsekulenso mpaka mutagula, pomwe mukagula, eni ake a Image-Line amakupatsani ma update aulere moyo wonse. Ngati ndalama ili yokwanira chinthu chimodzi chokha, pakati pa pulogalamu yovomerezeka ndi kosi, ine ndingayambe ndi pulogalamu.

Wamakani808:
Apa pokha tikugwirizana tonse. Ndipo ndibwerere pa mahedifoni aja ndinanena poyamba. Mphunzitsi akhoza kukuuzani kuti mverani matope pa 300 Hz, koma ngati mahedifoni anu ali aja owonjezera bass kuti nyimbo izikoma, mudzamva chiyani? A WaMaLoop akuti m'mahedifoni imakoma, pa sipika imaipa. Mwina mahedifoniwo akuwanamiza.

Mkulu_wa_MIDI:
Mwanena zoona, koma mahedifoni alionse amanama pang'ono, ngakhale odula. Mankhwala ake ndi kuwadziwa. Muzimvera nyimbo za akatswiri zimene mumazidziwa bwino pa mahedifoni omwewo, tsiku ndi tsiku, mpaka mudziwe kuti bass yabwino imamveka bwanji pamenepo. Pochita mixing ikani nyimbo yoteroyo pambali pa yanu, muitsitse kuti mphamvu zifanane, chifukwa khutu limanamizika, chofuula kwambiri limachiyesa chokoma. Muzisinthasintha, yanu, yawo, yanu, yawo. Mphunzitsi ameneyu salipiritsa ndipo sakunyengererani.

Ndipo musalimbane ndi kufuula. Spotify imalinganiza nyimbo cha pa -14 LUFS (muyeso wa kufuula kwa nyimbo) pokhapokha womvera atasintha yekha, choncho mukaifinya kwambiri ndi limiter kuti ifuule, idzatsitsidwabe, n'kutsala yopanda moyo.

Chinthu china ndikupempheni nonse, monga kholo. Tetezani makutu. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera pa 80 dB, ndipo phokoso likakwera maolawo amachepa msanga. Ine khutu langa lamanzere limalira usiku ndi usana chifukwa cha zaka zimene ndinkakweza mopanda nzeru, ndipo kulirako sikutha. Muzitsitsa, muzipumula pakatha ola. Palibe kosi imene idzakubwezereni khutu.

BassYokoma:
Zikomo akuluakulu, izi sindinaziganizirepo. Ine ndimagona ndi mahedifoni kumutu. Ndisiya.

Wamakani808:
Ndivomere chinthu chimodzi kwa a Chemwali_wa_Synth. Nkhani yanu ya mphindi 15 ija yandikhudza, chifukwa ine zinanditengera pafupifupi zaka ziwiri kuti ndizindikire ndekha kuti kick ndi bass zanga zikulimbana. Ndimanyadira kuti ndinaphunzira ndekha, ndipo sindisintha maganizo pa makosi a mavidiyo okhaokha, amenewo ayi. Koma zaka ziwiri ndi zambiri. Mwina njira yapakati ndi kulipira munthu wodziwa ola limodzi kapena awiri kuti atsekule pulojekiti yako, m'malo mogula kosi yonse.

Chemwali_wa_Synth:
Ndi zimene ndimachita masiku ano. Ndikamaliza nyimbo zingapo ndimalipira ola limodzi, ndimapita nditalemba mafunso papepala. Koma kosi ya masabata 8 ija inandipatsanso china chimene ola limodzi silipereka, tsiku lomaliza kutumiza. Ine ndine munthu woti popanda wondidikira sindimaliza kanthu. Ena safunika zimenezo. Aliyense adzifunse moona mtima kuti ali mbali iti.

Mphunzitsi_wa_Kiyibodi:
Tsiku lomalizalo mukhoza kupatsana nokha pa gulu lino. Anthu atatu kapena anayi, sabata ziwiri zilizonse aliyense atumize nyimbo yomalizidwa, ndipo lamulo likhale lakuti poyankha utchule mphindi ndi sekondi ya pamene wamva vuto. Kungoti yakoma kusaloledwe.

Mlendo_Pano:
Ine ndilowa nawo, ngakhale kuti ndikungoyamba kumene. Ndaika Reaper madzulo ano.

BassYokoma:
Inenso mundilembe.

WaMaLoop:
Abale, ndabweranso patatha masiku asanu. Ndinachita zija ananena aphunzitsi. Ndinaika nyimbo imene ndimaikonda mu playlist, zizindikiro zinakwana 14, ndipo ndinadabwa kuona kuti kwa ma bar 32 oyambirira bass kulibiretu. Ine ndinkayatsa zonse pa bar yoyamba, n'chifukwa chake ndinkasowa kopita. Ndinatenga pulojekiti nambala 41, ndinaikopa mpaka kumapeto, n'kuyamba kuchotsa. Dzulo usiku ndinatulutsa nyimbo ya mphindi zinayi ndi masekondi 10. Ndi yoyamba m'moyo wanga kukhala ndi poyambira ndi pothera. Ndinaimvera katatu nditakhala phee, misozi ili m'maso.

Sinafike pabwino, ndikudziwa. Pakati pake, pamene ng'oma zimachoka, pakumveka ngati nyimbo yafa m'malo mopuma, ndipo bass ikadali yolemera pa sipika ya mnzanga ngakhale ndaika sidechain. Kandalama kaja sindinakakhudze. Ndaganiza zomaliza zina ziwiri kaye, kenako ndidzafune munthu woti atsekule mapulojekiti atatuwo pamaso panga. Kosi ya mavidiyo okhaokha ndaisiya.

Ndaiika nyimboyo mu foda ya gulu. A Chemwali_wa_Synth, a Khutu_Lakuthwa, mukapeza mpata tamverani kuyambira pa 1:48 mpaka pa 2:20.

Khutu_Lakuthwa:
Ndamvera kawiri. Pa 1:48 mwachotsa kick, bass ndi hi-hat zonse nthawi imodzi, ndiye palibe chotsala chogwira nthawi. Siyani shaker ipitirire motsitsa, ndipo kuyambira pa 2:05 muyambe kutsekula filter ya pad pang'onopang'ono kuti khutu lidziwe kuti china chikubwera. Za bass, release ya sidechain yanu, nthawi imene bass imatenga kuti idzukenso, ndi yaifupi kwambiri, bass ikudzuka kick isanathe. Italikitseni pang'ono mukumvetsera, mpaka mumve ziwirizo zikupatsana mpata.

Chemwali_wa_Synth:
Ndikugwirizana nazo. Ndiwonjezere kuti piyano yanu ya pa 0:32 ndi yokoma kwambiri, ndipo mwaibisa pansi pa pad. Ikwezeni, pad muitsitse. Mukakonza tumizaninso Lachisanu, ndidzaimvera pa masipika.